Lamya ya Malemu Bambo Athu pa Msika wa Chisokone

Pamene tinkatsanzikana ndi amayi athu kumudzi kwathu kufupi ndi Katete, n'kuwauza kuti tikupita ku Migodi kukaona ubatizo wa mwana wa mng'ono wathu amene amakhala ku Kitwe, iwo anatipatsa mtedza ndi ufa woyera kuti tikapereke kwa abale monga mwa mwambo. Titasenza kale katundu, anatiitananso. Anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje chawo natulutsamo lamya ya m'manja ya malemu bambo athu.

"Ndimamva kuti kumeneko kuli anyamata aluso pa tinthu timeneti," anatero amayi. "Mukawauze aiveke bwino, yayamba kundichititsa manyazi pamaso pa adzukulu. Koma musakayerekeze kundisinthira. Ndikufuna yomweyi."

Amene mwa inu, awerengi okondedwa, munali kale akuluakulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mukuikumbukira bwino lamya ya mtundu wa Nokia 1100. Inatuluka mu 2003, ndipo zinagulidwa zoposa 200 miliyoni padziko lonse, makamaka m'maiko osauka ngati athu ano, chifukwa inali yolimba, batire yake inkatha masiku angapo, ndiponso inali ndi tochi kumutu kwake. Bambo athu, amene anatumikira Mpingo monga katekisiti kwa zaka zambiri, anagula yawo pa nthawi imene kampani ya Airtel inkadziwika ndi dzina loti Celtel, isanakhale Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Ndi lamya imeneyi ankaitanira bambo mfumu pakakhala wodwala mwakayakaya, ankalengezera maliro ku miphakati ina, ndipo tochi yake ndiyo inkawaunikira buku la mapemphero pasiwa usiku.

Tsopano inali itatheratu ngati khasu la nkhalamba. Utoto unali utasupuka m'mbali monse, pangodya ina panali mng'alu umene amayi anaumanga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo manambala a pamabatani anali atafufutika moti amayi ankaimba mongoloweza. Komabe inkagwira ntchito. M'kati mwake munali maina a akhristu a kwathu monga mmene bambo anawalembera, ena mwa iwo atagona kale kumanda, pamodzi ndi mauthenga angapo amene bambo anasunga. Ife ana awiri amene tinatumidwa ntchitoyi tinkadziwa kuti ikakaonongekera m'manja mwathu, sitidzapeza mau owauza amayi.

Ku Ndola

Kwa munthu wosafuna kudzizunza, ulendowu ndi wa masiku awiri: loyamba msewu wa Great East, kuwoloka mlatho wa Luangwa mpaka ku Lusaka, lachiwiri Kabwe, Kapiri Mposhi, kenaka Ndola. Anthu ambiri a kum'mawa kuno ndi a ku Nyasaland analowera komweko kalekale, ena wapansi, ena pa malole ndi pa sitima, kukafuna ntchito ya m'migodi kuti apeze ndalama za msonkho. Ambiri sanabwerere, ndipo adzukulu awo lero amalankhula Chibemba cha m'tauni ngakhale maina awo ali a Phiri, a Banda ndi a Tembo.

Tinagona ku Ndola, ndipo m'mawa mwake tinachita nawo Misa ku Cathedral ya Christ the King. Mkatolika wochokera ku Chipata sakhala mlendo kwenikweni m'tchalitchi limeneli. Ambuye Benjamin Phiri anali episkopi wothandiza ku Chipata asanatumizidwe ku Ndola mu 2020, ndipo mu 2024 malemu Papa Francis anakweza Ndola kukhala arkidayosizi. Mbeu yake inafesedwa ndi ansembe a chipani cha Franciscan ochokera ku Italy, amene anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 motsogozedwa ndi Bambo Francis Mazzieri, amene pambuyo pake anakhala episkopi woyamba wa Ndola. Ndi a chipani chomwechi amene anayambitsa Mission Press ndi magazini ya Chibemba ya Icengelo. Nyimbo za tsikulo zinali za Chibemba, koma ng'oma ilibe chinenero, ndipo tinaimba nawo pamene tinatha.

Tikutuluka m'tchalitchi ndi mitima yoyera, tinakachita chinthu chopusa. Tinali titagwirizana zogulira mlamu wathu, mayi wa mwana wobatizidwayo, lamya yamakono yojambula zithunzi. M'sitolo zikuluzikulu mitengo inatithawitsa. Pa kakhonde kena m'mbali mwa msewu tinapeza mnyamata waulemu zedi, wovala bwino, amene anationetsa lamya yakuda yonyezimira, ili m'bokosi lake lokutidwa ndi pulasitiki. Mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa m'sitolo. Anaiyatsa pamaso pathu, inawala bwino, ndipo tinalipira tikudziyamikira kuti ndife ochenjera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sitinafunse chifukwa chimene chinthu chatsopano chingatsikire mtengo chotero, ndipo kunena zoona sitinafune kudziwa.

Kuchokera ku Ndola kufika ku Kitwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60 pa msewu wa mbali ziwiri, wodzaza ndi magalimoto aakulu, ambiri olowera kumalire a Kasumbalesa. Tisanafike n'komwe, lamya yatsopano ija inali itatentha m'thumba ngati mbatata yootcha, batire itatheratu.

Pa Chisokone

Msika wa Chisokone uli pakatikati pa mzinda wa Kitwe, ndipo mlendo wolowamo yekha angathe kuzungulira theka la tsiku osapeza potulukira. Muli kapenta wa ku Mpulungu, nsomba zouma, finkubala, chikanda, milu ya salaula, ndi ziboliboli za mkuwa zogulitsa kwa alendo. Mng'ono wathu anatitsogolera m'tinjira topapatiza mpaka kumene kuli okonza malamya. Kumeneko aliyense ali ndi kagome kake, nyale, chitsulo chowotcherera nthambo, ndi kabokosi ka malamya akufa amene amachotsako zipangizo.

Amene anatifikitsako anali mnyamata wa zaka za m'ma 30, wodekha, wosakuwa poitana anthu monga ankachitira anzake. Pamwamba pa gome lake panali mtanda wa kanjedza wa Lamulungu la Kanjedza, utauma kale. Anatilonjera m'Chibemba, koma atamva mayankhidwe athu anaseka nasintha chinenero. Agogo ake, iye anatero, anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito pa mgodi wa Nkana, ndipo bambo ake nawo anali a pamgodi mpaka ntchito inawathera pamene migodi ya boma inkagulitsidwa cha m'ma 2000. Mnzake wa gome loyandikana, Mbemba weniweni, sanachedwe kutifunsa ngati m'thumba mwathu munali mbewa zokazinga. Tinamuyankha kuti tinasiya kunyumba poopa kuti zingadyedwe ndi anyani ake. Chimbuya chimenechi chinatsegula njira, ndipo anatipatsa mpando.

Tinayamba ndi lamya yatsopano ija. Mmisiriyo anaitembenuza kawiri, anainunkhiza, kenaka anatiyang'ana mwachisoni.

"Atate, mwaigula kuti iyi?"

Anailumikiza kumagetsi nalemba *#06#. Nambala yaitali imene inatuluka, imene amaitcha IMEI ndipo lamya iliyonse ili ndi yakeyake, inali yosiyana ndi ya pabokosi. Atatsegula kumbuyo anationetsa mitu ya timasikuluwu itaperepeseka chifukwa chomasulidwa kambirimbiri, guluu wopakidwa ndi dzanja, ndi kapepala kakang'ono kamene kamakhala koyera lamya ikamachoka kufakitale koma kamafiira kakakhudzidwa ndi madzi. Kathu kanali kofiira. Batire inali itayamba kutupa, ndipo anatichenjeza kuti batire yotero siyenera kusungidwa m'nyumba chifukwa imatha kuyaka. Potsiriza anakanda pang'ono ndi chikhadabo m'mphepete: pansi pa utoto wakuda panali wina wagolide. Tinakumbukira mwambi wa makolo uja, woti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndi manyazi amenewo tinatulutsa ya bambo athu. Anyamata a magome oyandikana anabwera kudzaiona akuseka, wina n'kumati yoyenera kukaikidwa ku Copperbelt Museum ku Ndola. Mmisiri wathu sanaseke. Anati njira yapafupi ndiponso yotsika mtengo inali kugula chigoba chatsopano chopangidwa ku China, ngati chingapezeke, n'kutaya chakalecho. Ntchito ya mphindi zisanu. Tinamufotokozera mau a amayi. Iye anachotsa mphira uja mosamala, natsegula chivundikiro cha kumbuyo, ndipo anakhala chete kanthawi. M'kati mwa chivundikirocho munali kamtanda ndi zilembo ziwiri zoyamba za dzina la bambo, zozokotedwa ndi msomali. Ife tinali titaiwala. M'masiku amenewo kumudzi kunalibe magetsi, ndipo malamya onse ankakatchajidwa pamodzi pagolosale ina. Aliyense ankaika chizindikiro kuti yake isasokonezeke ndi za ena.

"Chigoba ichi sitingataye," anatero. "Mundipatse masiku awiri."

Tinapempha kuti tione mmene ntchitoyo imayambira, ndipo anavomera. Choyamba anachotsa batire, simu ndi mtima wonse wa lamyayo, umene uli ndi mauthenga aja, naukulunga m'pepala n'kutipatsa kuti tisunge tokha. Anati samafuna kugona ndi zinsinsi za anthu. Chigoba chokhacho anachitsuka ndi sopo ndi mswachi wakale mpaka litsiro la zaka 20 linachoka m'timipata monse. Mng'alu uja anauthira super glue, nawazapo soda wophikira. Ziwirizi zikakumana zimauma nthawi yomweyo n'kulimba ngati mwala, ndipo zimatseka ngakhale pamene pulasitiki inabenthuka. Kenaka anayamba kupala ndi sandipepala, woyamba wokhakhala pang'ono, wotsatira wosalala kwambiri, akumunyowetsa m'madzi kuti asasiye zipsera. Apa ndi pamene panapita nthawi yaitali. Anatiuza kuti anyamata ambiri amathamangira kupopera utoto pamwamba pa wakale ndi pa mafuta a m'manja, ndipo pakangotha mwezi umodzi utotowo umasupuka ngati khungu la njoka. Atamaliza anapukuta ndi sipiriti, namata tepi ya pepala pa kagalasi koonerapo ndi m'kati monse mwa chivundikiro, kuti kamtanda ka bambo kasakhudzidwe.

Tinamufunsa ngati sizingakhale bwino kuipaka utoto wonyezimira ngati siliva. Anakana. Utoto wotero, anatero, umakhala ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo ukachindikala pamalo pamene pali mlongoti wa m'kati ungathe kufooketsa netiweki. Kumudzi, kumene munthu amachita kukwera pachulu kuti amve mau, zimenezo si zoseweretsa. Anawonjezera kuti timabowo tolankhulira ndi tomvera tiyenera kukhala totseguka, chifukwa lamya yokongola imene munthu sakumveka ndi chidole chabe. Tinagwirizana za buluu, wofanana ndi wakale.

Popopera anapita kuseri kwa gome, naika chigobacho m'katoni yotsegula mbali imodzi. Anayamba ndi utoto wotuwa wogwiritsa, umene iwo amautcha primer, akupopera chapatali ndiponso mopyapyala moti poyamba tinkaona ngati palibe chimene chikuchitika. Pamwamba pake padzabwera buluu katatu, ulendo uliwonse wina atauma, ndipo pomaliza vanishi woteteza. Kukamwa anamangako kansalu kotsala m'masiku a Covid-19, kamene sikangatsekereze mpweya wa utoto wotere. Tinamuuza zimenezi monga makolo, iye n'kungomwetulira. Fungolo linatipweteka mutu ife amene tinakhalapo ola limodzi lokha, ndipo iye amalipuma chaka chonse.

Phiri lakuda

Tsiku lodikira tinalithera poona mzinda. Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936 pafupi ndi mgodi wa Nkana, ndipo akatolika achikulire a kuno amakumbukirabe Misa imene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachita mumzindawu mu May 1989. Koma chimene mlendo sangachiphonye ndi Black Mountain, chimulu chachikulu chakuda pafupi ndi Wusakile. Si phiri lolengedwa ndi Mulungu. Ndi zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira miyala, zimene zinkatayidwa pamenepo kwa zaka makumimakumi ngati zinyalala. Pambuyo pake zinadziwika kuti mudakali mkuwa ndi cobalt, ndipo achinyamata osowa ntchito anayamba kukumbamo ndi manja ndi mafosholo. Mu June 2018 mbali ina ya chimulucho inagumuka n'kupha anthu osachepera 10.

Titaima chapatali n'kumaliyang'ana, tinali ndi mtima wa lamya ya bambo m'thumba. Timizere tonse ta pa kathabwa kake kobiriwira ndi ta mkuwa, ndipo mabatire a malamya athu amakhala ndi cobalt, amene wambiri padziko lapansi amakumbidwa kutsidya kwa malire, ku Congo. Miyala imachoka kuno pa magalimoto aja tinakumana nawo, n'kubwerera patapita zaka ili m'bokosi lonyezimira, pa mtengo umene mwana wa wokumba sangaukwanitse. Ndiye chifukwa chake ntchito ya pa Chisokone ilipo. Mu 2015, m'kalata yake ya Laudato Si', Papa Francis anadandaula za khalidwe logwiritsa ntchito zinthu n'kutaya msanga. Anyamata a pa Chisokone ambiri sanaiwerenge kalatayo, ndipo chimene chimawakakamiza kusataya ndi umphawi. Komabe lamya iliyonse imene aitalikitsa moyo ndi batire imodzi yosatayidwa m'ngalande ndiponso ndalama ya sukulu yotsala m'thumba la kholo.

Titabwerera pa tsiku lachiwiri, chigobacho chinali padenga la lata chikuwothera dzuwa. Mmisiriyo anati m'chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ntchito ya utoto ndiyo inamudyetsa, chifukwa imangofuna dzuwa ndi kudekha. Mabatani sanawapake, popeza ndi a mphira ndipo utoto sugwirapo. Anafufuza m'kabokosi ka malamya akufa mpaka anapeza ena a mtundu womwewo, manambala ake akuonekabe. Anaikamonso batire yatsopano ya BL-5C, imene imapezekabe mosavuta chifukwa timawailesi tambiri timagwiritsa ntchito yomweyo.

Pamene ankalumikiza, tinamufunsa funso limene linkatisautsa chichokere ku Ndola: kodi ntchito yake ikusiyana pati ndi ya amene anatinyenga aja, popeza sandipepala ndi utoto wake ndi yemweyo?

Sanayankhe msanga. Kenaka anavomera kuti pamene ankaphunzira ntchito kwa munthu wina, iyenso anapakapo malamya otero, khumi kapena kuposa pa ulendo umodzi, akudziwa bwino lomwe kumene ankapita. Ndalama yake imakhala yabwino kuposa ya kukonza lamya ya agogo. Mpaka lero amabwera anthu, ena ndi lamya yokiyidwa imene sakudziwa nambala yake yachinsinsi, akufuna kuti isinthe mtundu dzuwa lisanalowe. Iye amawauza kuti aitsegule kaye pamaso pake, ndipo ambiri amangochoka.

"Chinandisiyitsa ndi mayi wina wogulitsa tomato," anatero. "Anabwera akulira ndi lamya imene anagula ndi ndalama za chilimba. Nditaitsegula ndinazindikira dzanja langa. Sindinamuuze. Ndinangoikonza osamulipiritsa, koma ku kulapa ndinakanena."

Atatero anatenga cholembera chosafufutika, ndipo m'kati mwa chivundikiro, pansi pa kamtanda ka bambo, analemba tsiku, mwezi ndi chaka. Anati amachita zimenezi pa lamya iliyonse imene wapaka utoto, kuti wina akadzafuna kuigulitsa ngati yatsopano, woitsegula adzaone. Amalonda ena anasiya kumubweretsera ntchito chifukwa cha kalembedwe kameneka. Ife tinaona kuti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa chinyengo cha m'misewu, ndiponso ogula ambiri satsegula kumbuyo. Koma ndi zimene dzanja limodzi lingathe, ndipo zimamudyera phindu lake lenileni.

Anayatsa lamyayo. Kanyimbo kodziwika kaja kanalira, maina onse anali m'malo mwake, ndi mauthenga omwe. Ndalama imene anatilipiritsa sinafike pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Tinawonjezerapo pang'ono n'kumupempha kuti akagulire chotchingira mphuno choyenera, ngakhale sitikudziwa ngati anagula.

Ubatizo unachitika Lamulungu, mwana analira mokwanira, ndipo mlamu wathu tinangomupatsa chitenje. Pobwerera tinaima ku Ndola n'kukafika pa kakhonde kaja. Tinapezapo mayi wogulitsa nthochi, amene anati sanamuonepo mnyamata wotero. Ndalama imeneyo inapita.

Amayi tinawapeza akusenda nyemba pakhonde. Anapukuta manja pachitenje, nalandira lamyayo ndi manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo.

"Buluu wake si yemwe uja," anatero. "Wa abambo anu anali wofuwirako."

Tinakhala chete. Kenaka analowetsa chikhadabo, natsegula chivundikiro monga ankachitira bambo, ndipo anapeza kamtanda kaja ndi zilembo zake ziwiri. Anafunsa za manambala olembedwa pansi pake, ndipo tinawafotokozera zonse, kupatula nkhani ya ku Ndola. Anatseka, nayesa tochi ngakhale kunali masana, naimanga pangodya ya chitenje. Atatero anatuma mdzukulu kuti akagwire tambala wofiira uja.